Sabata Imene Galimoto ya Bwana Inanunkha Nsomba

M'galimoto imene atate ankayendetsa munkamveka fungo la zinthu zitatu: chikopa cha mipando chikawombedwa ndi dzuwa, petulo pang'ono, ndi tinjere tonunkhira timene nkhalamba ina inkatafuna ikakhala kumpando wakumbuyo. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo m'mudzi mwathu ku Senga Bay munalibe malo ena onunkhira chotero. Kwina konse kunali nsomba. Zovala zathu zinkanunkha utsi wowambira nsomba, makope athu a kusukulu ankanunkha usipa, ngakhale mazira a nkhuku zathu ankamveka kafungo ka matumbo a chambo. Eni akefe fungolo sitinkalimva. Tinkalizindikira pokhapokha tikasuzumira m'galimoto ija n'kupeza kuti mulibe.

Atate, aPhiri, anaphunzira udalaivala ku usilikali pa nthawi ya nkhondo. Atabwerako analembedwa ntchito ndi Mmwenye wina amene anali ndi sitolo yaikulu ku boma la Salima ndi ina yaing'ono kwathu kunyanja. Anthu ankawatcha Bwana Kachipewa chifukwa cha kachipewa kakuda kamene sankavula. Nkhalamba yotafuna tinjere ija inali mayi wawo. Lachisanu lililonse masana atate ankabwera nawo awiriwa kunyanja, kumene bwanayo anali ndi kanyumba kuseri kwa sitolo, ndipo ankabwerera ku boma Lolemba m'mawa. Masiku atatu amenewo galimoto inkaima pansi pa mtengo wa mango, pafupi kwambiri ndi nyumba yathu. Inali yobiriwira, ya zitseko zinayi. Loweruka m'mawa atate ankaitsuka, ine n'kumawatungira madzi kunyanja, ndowa zisanu ndi imodzi.

Ntchitoyi inali ndi lamulo limodzi lalikulu. Banja la bwanali silinkadya nyama, nsomba, ngakhale dzira, chifukwa cha chipembedzo chawo, ndipo zinthu zimenezi sizinkaloledwa kulowa m'galimoto. Kwa dalaivala wa kumtunda lamulo lotere silikanavuta. Koma ife tinali anthu a kunyanja, ndipo ku boma nsomba zinkagulidwa bwino. Lolemba lililonse pankapezeka wachibale ataima ndi kamtolo ka utaka wouma, akuti ndi kakang'ono, kangokhala m'buti. Atate ankakana onse, mpaka m'mudzi anawapatsa dzina loti aSanyamula. Amene zinkawapweteka kwambiri anali amalume anga a Filipo, mchimwene wawo wa amayi, amene anali ndi bwato ndi khoka lawolawo. Amayi nawo lamuloli linawakhudza. Ntchito yawo inali yowamba nsomba, manja awo sankatha fungo, choncho atate anawapempha kuti asamagwire ngakhale chitseko. Zaka zinayi zinatha galimoto ikuima pakhomo pawo, iwo osaponda m'katimo.

Fungo linayamba mvula itakhazikika, chimanga chili m'mawondo. Woyamba kulimva anali mayi wa bwana. Lachisanu lina anatsika m'galimoto ataphimba mphuno ndi nsonga ya nsalu yawo yoyera, ndipo sanapereke moni kwa ana monga ankachitira. Sabata yotsatira anasanza panjira. Ndinali pansi pa mango pamene Bwana Kachipewa anaitana atate, ndipo ndinamva zonse chifukwa palibe amene amathamangitsa mwana wonyamula ndowa.

"Phiri, zaka zinayi sindinakufunsepo. Lero ndikufunsa. Wanyamula nsomba?"

"Iyayi, bwana."

"Nanga ichi n'chiyani?"

Bwana ananena kuti iwo ndi mayi wawo abwerera ku boma pa lole ya katundu. Galimoto itsala kunyanja sabata yathunthu, ndipo Loweruka lotsatira adzabweranso. Fungo likadzakhala lilipo, makiyi adzaperekedwa kwa munthu wina. Sanakweze mawu. Anali munthu wolankhula motsitsa ngati akuyeza nsalu.

Nkhani inafika kudoko ine ndisanatule ndowa. Amalume a Filipo anabwera okha kudzanunkhiza. Analowetsa mutu pawindo, n'kuutulutsa akuseka mpaka kugwira nthiti.

"Alamu, ife mumatikaniza utaka, kani mumanyamula kampango wa anthu ena? Tiuzeni mtengo wake, nafenso tilipira!"

Ndinaona makutu a atate akugwedezeka, monga ankachitira akamakukuta mano.

Ine ndinali ndi chinsinsi, ndipo kuyambira tsiku limenelo chinandikhala pakhosi ngati munga wa mcheni. Masabata angapo m'mbuyomo mvula inandipeza ndikupukuta magalasi, ndipo ndinathawira kumpando wakumbuyo. M'thumba la diresi langa munali usipa wouma utatu. Ndinadya ndili khale pamalo pa nkhalamba ija, ndikudziyesa dona. Mutu wa usipa umodzi unandipulumuka n'kugwera mumpata wa pakati pa mpando ndi chotsamira. Ndinapisa dzanja osaupeza, mvula inakata, ndipo ndinaiwala. Tsopano ndinaukumbukira usana ndi usiku. Ndinkadziwa bwino chimene ntchito ya atate inali kwa ife. Pa ana a m'mudzi mwathu, atsikana opita kusukulu tinalipo atatu okha, ndipo ine ndinali mmodzi chifukwa cha chiwongolero chija.

Atate anagwira ntchitoyo monga anaphunzitsidwira ku usilikali, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ankati fungo lililonse lili ndi kwawo. La mphira wopserera limachokera ku mawaya kapena ku lamba wa injini. La petulo limachokera ku paipi yothonya. La nguwi limachokera ku nsalu yonyowa, ndipo la khoswe wakufa silisowa chifukwa limaitana ntchentche zobiriwira. Vuto lawo linali limodzi: ankafwenkha fodya wa mphuno kuyambira ali mnyamata, choncho ankamva kuti mukununkha koma osatha kuloza kuti ndi apa. Lolemba anatulutsa mphasa za pansi n'kuzikwecha ndi phulusa ndi sopo. Anatulutsa tayala la m'buti, jeke ndi masipana onse, n'kutsuka butiyo ndi madzi otentha. Anagona chagada pansi pa galimoto kufunafuna mphaka kapena ng'azi yofera pa zitsulo. Sanapeze kanthu.

Lachiwiri anayamba kubwera alangizi. Mayi wina anabweretsa mandimu odula pakati, ndipo tinawayala pansi ponse. Mphunzitsi wathu anati makala amayamwa fungo, choncho tinaika makala m'zitini zinayi. Che Bwanali, mnansi wathu wachisilamu amene ankasoka maukonde, anabwera ndi lubani pa phale, n'kufukiza mawindo ali otseka. Kwa ola limodzi galimoto inanunkhira ngati mzikiti Lachisanu. Kenaka fungo linabwerera, tsopano litavala lubani pamwamba. Panalinso ena amene ananong'oneza atate kuti zinthu zotere sizichitika zokha, pali munthu amene akufuna ntchito yawo. Atate anawathokoza n'kupitiriza kukwecha.

Zinthu zitatu zinali zoonekeratu, ndipo atate ankazibwereza mokweza ngati mwana woloweza samu. Galimoto ikaima zitseko zili pululu, fungo linkachepa. Akaiyendetsa, linkakula. Ndipo akaitsuka, m'mawa mwake linkafika poipa kuposa dzulo lake. Chachitatuchi chinkawazunguza mutu. Iwo ankakhulupirira madzi ndi sopo monga ankakhulupirira Mulungu, choncho fungo likakula ankaonjezera ndowa. Sabata imeneyo ndinatunga madzi mpaka khosi linauma.

Lachitatu madzulo atate ananena kuti m'mawa mwake amasula mipando yonse. Ndinadziwa kuti mutu wa usipa uja upezeka. Lachinayi m'mamawa ndinapeza amayi kuseri kwa nyumba akutembenuza milamba pa waya wowambira, maso ali psuu ndi utsi. Ndinaima pambali pawo nthawi yaitali, kenaka ndinangoyamba kulira. Ndinaulula zonse: mvula, usipa utatu, mutu umene unagwa.

"Marita, ukuti mutu umodzi? Wa usipa wouma?"

"Inde, amayi."

"Ndiye unganunkhitse galimoto yonse milungu itatu? Kodi iwe unabadwira kunyanja kuno kapena tinakutola ku Dowa?"

Anasamba m'manja ndi phulusa, anamanga bwino nsalu yawo, n'kundigwira pamkono. Tinapeza atate atamasula kale mpando wakumbuyo n'kuutsamiritsa pa mtengo wa mango. Pansi pake panali fumbi, batani, tinjere tiwiri ta nkhalamba ija, ndi kamutu kanga, kouma gwa ngati kachitsotso. Amayi anakatola, anakanunkhiza, n'kukaponyera nkhuku.

"Bambo a Marita, mwana wanu wakhala osagona chifukwa cha ichi. Patukani ndinunkhize ndekha."

"Nabanda, lamulo ukulidziwa."

"Lamulo lake liti? Yanunkha kale popanda ine."

Atate anapatuka. Amayi anatsegula chitseko chakutsogolo, n'kukhala pampando kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo. Sanayang'ane chiwongolero kapena mawotchi amene ine ndinkawasirira. Anatseka maso n'kukoka mpweya kawiri. Kenaka anawerama, mphuno n'kuilozetsa kumapazi, pansi pa galasi lakutsogolo.

"Iyi si nsomba," anatero. "Nsomba ikawola imanunkha mafuta. Izi ndi nkhungu zimene zavundira m'madzi."

Amene sanakhaleko kunyanja mwina sadziwa nkhungu. Ndi tizilombo touluka, tochepa kuposa udzudzu, tosaluma. Timatuluka m'madzi nthawi ya mvula, makamaka mwezi ukakhala mumdima, ndipo ukationa patali umayesa utsi wa sitima. Mphepo ikatikankhira kumtunda, akazi amathamanga ndi malichero onyowa n'kumawazunguza m'mwamba kuti timatirire. Kenaka amatikanya, kutikulunga m'masamba, kuphika, n'kuyanika timitanda takuda timene timakhala ndiwo ya miyezi ingapo. Dzuwa likakana, timitandato timawola. Amayi anali atatayapo madengu a nkhungu zowola kangapo, ndipo fungo lake sakanalisokoneza ndi china chilichonse.

Atate anadzimenya pamphumi. Anakumbukira Lachisanu lina lotentha kwambiri pamene analowa mumtambo wa nkhungu atatsala pang'ono kufika kunyanja. Kunada bii mpaka anayatsa nyali masana. Atafika anapukuta galasi, boneti ndi kumaso konse kwa galimoto, chilichonse chimene diso linkaona. Koma panali malo amodzi amene sanawaganizire. Galimoto za masiku amenewo zinali ndi kachitseko kachitsulo pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo. Dalaivala akakankha kachogwirira pafupi ndi chiwongolero, kachitsekoko kankatukuka n'kumalowetsa mphepo yozizira kumapazi. Tsiku la nkhungu lija kanali kotsegula chifukwa cha kutentha.

Anakatukula, n'kumasula tizomangira tinayi. Sefa wa waya amene anali pansi pake anali atang'ambika pakona. Kunsi kwa sefayo kunali kangalande kolandira madzi a mvula, kokhala ndi kapaipi kowatayira pansi. Kangalandeko kanali kodzaza ndi phala lakuda, lonyezimira, lokhala ndi thovu pamwamba. Nkhungu zinatseka kapaipi, madzi anasowa kolowera, ndipo ndowa iliyonse imene ndinkatunga inkathirira phalalo. Mphepo yonse yolowa m'galimoto inkadutsa pamenepo. Fungo limene linatuluka linandibweza m'mbuyo, koma sindinamvepo fungo lokoma chotero. Ndinathamanga kukatenga ndowa ndi chiguduli.

Apa atate anachita chinthu chimene sindinachimvetse. Anayang'ana phalalo nthawi yaitali. Kenaka anabwezera sefa wong'ambika uja, anamanga tizomangira tonse tinayi, n'kutseka kachitseko.

"Palibe wogwirapo mpaka Loweruka," anatero.

Amayi anawayang'ana, anagwedeza mutu ngati munthu wovomereza mtengo pamsika, n'kubwerera ku milamba yawo. Ine ndinatsala ndi chiguduli m'manja. Ndinachonderera, ndinati titsuke pang'ono pokha, bwana akadzamva fungo adzakwiya asanamve chilichonse. Atate anangobwezera mpando wakumbuyo, anachotsa mandimu ndi makala onse, n'kukweza mawindo. Masiku awiri otsatirawo galimoto inakhala padzuwa yotseka, ikuphika zimene zinali m'mimba mwake. Amalume a Filipo anadutsa Lachisanu n'kufunsa ngati aSanyamula ayamba kufunsira malo m'bwato. Atate anawauza kuti adzabwere Loweruka, adzamve yankho pamodzi ndi anthu ena.

Lole inafika Loweruka chakum'mawa, itadzaza matumba a mchere ndi mabokosi a sopo. Bwana Kachipewa anatsika kutsogolo. Pamwamba pa matumba panatsika mnyamata wina wa ku boma, wovala nsapato zonyezimira, kabuku ka laisensi kakuonekera m'thumba la malaya. Aliyense anadziwa chimene anadzera. Anthu anali atasonkhana kale pansi pa mango, ena atasiya maukonde padzuwa. Atate anaima pambali pa galimoto atavala khaki wawo wosita, m'manja muli sipoko ya njinga imene anaipinda kunsonga.

Bwana anatsegula chitseko, n'kuchitseka nthawi yomweyo.

"Phiri, sabata yonse, ndipo zafika poipa chonchi?"

"Ndazisiya dala, bwana. Musananene kanthu, onani kaye ndi maso anu."

Anamasula kachitseko kaja pamaso pa onse, n'kupereka sipoko kwa bwana, n'kuwalozera pakamwa pa kapaipi. Bwana anazengereza. Kenaka anapinda mkono wa malaya, anaphimba mphuno ndi mpango, n'kulowetsa wayayo. Anatokosa kamodzi, kawiri. Kachitatu kunamveka kubwibwita, ndipo pansi pa galimoto panayamba kuchucha madzi akuda, kenaka phala lenilenilo, mpaka pamchenga panapangika kadziwe. Ana anakuwa. Amayi anabwera ndi mbale ya madzi oyera, anatapa phalalo ndi kamtengo n'kulivundulira m'mbalemo. Patangopita kanthawi, pamwamba pa madzi panayandama timapiko tosawerengeka, towala ngati mamba a usipa. Pambali pake anaika kamtanda ka nkhungu zouma ka m'nyumba mwathu, anakanyema pakati kuti bwana afananize.

Bwana Kachipewa anawerama n'kuyang'ana m'mbalemo nthawi yaitali. Anali atakhala ku Salima zaka zambiri, nkhungu ankaziona, koma sanaganizepo kuti zingalowe m'galimoto n'kukhalamo.

"Wapeza ndani zimenezi?"

"Mayi a kunyumba, bwana."

"Ndiye polemba ntchito ndinalakwitsa munthu," anatero, ndipo anthu anaseka. Kenaka anaongoka n'kulankhula mokweza kuposa mmene ndinawamverapo. "Phiri, ndinakuganizira zoipa. Sunanyamule nsomba."

Ine ndinangokhala pansi pamchenga pomwepo. Amalume a Filipo anakanda kumutu.

"Chabwino alamu, nsomba simunyamula. Koma ndiwo mwanyamula, milungu itatu, kupita nazo ku boma n'kubwera nazo, osagulitsako ngakhale kamtanda kamodzi."

Ulendo uno atate anaseka nawo.

Kukonza kwenikweni kunatenga ola limodzi lokha. Atate anathira madzi owira a sopo m'kangalande kaja katatu, akutokosa kapaipi ndi sipoko mpaka madzi anayamba kutuluka oyera. Anapukuta m'katimo ndi chiguduli chonyowetsa palafini pang'ono, n'kusiya kachitseko kali yasa kuti muume. Bwana anatulutsa m'sitolo chidutswa cha waya wa pawindo wotchingira udzudzu, ndipo atate anachidula n'kupanga sefa watsopano. Makala anabwerera m'zitini zawo, zitseko zonse zinayi zinakhala zotsegula padzuwa, ndipo tsopano makalawo anagwira ntchito chifukwa gwero linali litachoka. Mnyamata wa laisensi uja anathandiza kutsitsa matumba a mchere, anamwa tiyi kwathu, n'kubwerera pa lole yomweyo. Lachisanu lotsatira mayi wa bwana anatsika m'galimoto nkhope ili poyera, n'kutipatsa moni ana tonse mmodzimmodzi. Kuyambira pamenepo atate akaona mtambo wa nkhungu kutsogolo, dzanja linkathamangira kukatseka kachitseko kaja, ndipo akatsuka galimoto ankayamba agwada kuona ngati kapaipi kakudontha.

Kwa zaka zingapo ndinkawasungira atate kamkwiyo chifukwa cha masiku awiri aja. Kwa ine vuto linali fungo, mankhwala ake tinawapeza Lachinayi, ndipo munthu wamkulu anasankha kutisunga m'mantha mpaka Loweruka popanda chifukwa. Ndinadzamvetsa nditakula, nditaona anthu angapo akutsuka zinthu mofulumira kuti nkhani ithe. Tikanatsuka Lachinayi lija, bwana akanapeza galimoto yonunkhira sopo, akanabweza mnyamata wa laisensi, ndipo atate akanapitiriza ntchito. Koma bwanayo akanapita kwawo akudziwa mumtima kuti dalaivala wawo ananyamula nsomba n'kukwecha bwino, ndipo kudoko akanadziwa chimodzimodzi. Ine ndinkaopa kuti atate achotsedwa ntchito. Iwo ankaopa kuisunga ntchitoyo ngati munthu amene wangokhululukidwa.